Kope Limene Sindinaonetse Dokotala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu kumeneko. Msana uja unasiya kuwawa? Kuno tadzuka, koma kalatayi muiwerenge mutakhala pansi.

Tsiku limene munandisiyira mwana wanu Kamphepo, ndinalonjeza kuti akamadzayamba sukulu mutu udzakhala utatseguka. Ndinatenga lula ndi lezala n'kudula makatoni: zidutswa za makona atatu, za makona anayi ndi zozungulira, zonse pamodzi makumi atatu. Ndikaweruka kophunzitsa masamu, tinkaziyala pansi pabalaza n'kumamanga nyumba, magalimoto ndi milatho. Ankandiseka kuti nyumba za amalume zilibe chimbudzi.

Kenako anayamba kuphonya. Akati aike denga, linkagwera pambali pa khoma. Akati atole chidutswa cha kumanzere kwake, ankagwira simenti. Zonsezi ndinkalemba m'kope, tsiku lake ndi mphindi zomwe. Ndinkati ndi ulesi. Ndinawonjezera nthawi, ndinamukalipira, tsiku lina ndinamumenya ndi lula pazala. Iye anangoti zidutswazo zikumuthawa.

Lolemba lapitali mayi woyandikana nafe anaona kanthu koyera m'diso lakumanzere la Kamphepo. Kuchipatala anapeza chotupa. Dokotala anandifunsa kuti vutoli linayamba liti. Achemwali, ndinati masabata awiri. Kope linali m'chikwama changa pomwepo, ndipo likunena miyezi isanu ndi masiku anayi. Dokotalayo anadabwa kuti chotupa chakula msanga chonchi. Ine kopelo sindinalitulutse.

Disolo alichotsa Lachinayi la sabata yamawa kuti matenda asafalikire. Mawa m'mawa ndikapereka kopelo, mwina liwathandiza kudziwa pamene zafika. Koma sindinafune kuti mukamve kwa dokotala zimene ndiyenera kukuuzani ndekha.

Kamphepo sanauzidwe. Dzulo anandifunsa ngati ndidzasiye kukwiya akadzachira. Kanayi konse ndalemba mawu oti ndimuuze, kanayi konse ndang'amba.

Bwerani, chonde. Pepala lovomereza opaleshoni likufuna kholo lenileni, ndipo mwanayu akadzatsitsimuka asadzapeze ine ndekha pambali pa bedi. Mudzandinene mmene mungafunire, ndidzamva. Koma mufike pofika Lachitatu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi onse apakhomo. Mulungu akusungeni panjira.

Ndine mlongo wanu,
Malume ake a Kamphepo