Chitenje pa Kamera

Lachiwiri madzulo, Okutobala. Kwatentha, ndipo mtima wanga ukuwira.

Ndine ndinakakamiza kuti tiike belu la kamera pakhomo. Ndinkati digiri yanga iyambe kugwira ntchito pano pa Chinakanaka, anthu aone chitukuko. Achimwene analitumiza kuchokera ku Joni, ine ndinalilumikiza ku foni yawo kuti aziona ngati mayi ali bwino.

Dzulo kunabwera Esinati, mnansi wathu. Anakhala pakhonde n'kuuza mayi monong'ona kuti anakaikitsa njira yolera ya pamkono mwamuna wake osadziwa, chifukwa ana anayi amukwana. Mwamunayo amagona chipinda chimodzi ndi achimwene ku Joniko. Achimwene anamvetsera zonse kudzera pa belu lija, kenako n'kumupatsa mwamunayo foni kuti adzimvere yekha. Lero bamboyo waimba kuti kwa Esinati sadzapondakonso.

Ndawaimbira achimwene. Akuti, “Iwe mwana, ndikanamubisira bwanji mnzanga? Belulo ndinagula ndine.” Ndiye kugula belu ndi kugula pakamwa pa aliyense wofika pakhomo pathu? Ndawadulira foni, koyamba chibadwire.

Esinati wadutsa masana ndi ndowa pamutu, osayang'ana n'komwe kuno. Mayi sanandikalipire, ndipo zimenezo n'zimene zikundiwawa kwambiri. Angotenga chitenje chakale n'kuphimba belulo. Akuti, “Basi, diso lija tatseka. Ukamuuze Esinati abwere tikambirane.”

Sindinawauze kuti chinthucho chimamvabe ngakhale chitaphimbidwa. Mawa achimwene asanadzuke ndikachizula, kaya anena chiyani.