Mpira wa Narae

Busan,
6 Novembala

Okondedwa Bambo,

Landirani moni kuchokera kuno kutali. Muli bwanji? Bondo lija likukuvutitsanibe, kapena mwayamba kumvera adokotala? Mchimwene wanga Wendell wandiuza kuti anakupezani padenga mukuchotsa masamba. Bambo, pa msinkhu wanuwo? Ine ndili bwino, kungoti kwayamba kuzizira ndipo theka la ana a m'kalasi mwanga likutsokomola.

Chithunzi chija ndinalandira. Ndaona kuti mpira wa besibolo umene ndinakutumizirani mwaugulira kabokosi kagalasi, ndipo mwauika pambali pa chithunzi cha malemu Amayi. Wendell akuti kometetsa kwa a Duane anthu atopa nayo nkhaniyi. Akuti mukangolowa amayamba okha: "Eya, eya, mwana wanu anawakha ndi dzanja limodzi, tinamva kale madala!" Inu n'kuseka, n'kuiyambanso pachiyambi.

Bambo, khalani pansi. Kalata ino ndayiyamba katatu. Mpira uja sindinawakhe ine.

Linali Loweruka masana, mu Seputembala. Tinapita kubwalo aphunzitsi asanu monga timachitira nthawi zonse, titanyamula nkhuku yokazinga ndi mowa wam'zitini. Tinali ndi mayi Pyo, achiwiri kwa ahedi athu. Kusukulu mayi amenewa amayankhula ngati ali m'tchalitchi, koma akafika pabwalo amasanduka munthu wina. Tsikulo ankalalatira woponya mpira wathu kuti, "Iwe, mkono umenewo wabwereka kwa agogo ako?"

Pamzere wa kutsogolo kwathu panakhala Narae, mtsikana wazaka khumi wa m'kalasi mwanga, ndi agogo ake aamuna. Anavala golovesi yaikulu kuposa mutu wake. Atandiona anaimirira n'kuwerama, kenaka anandipatsa nachesi. Kusukulunso ankatero, Lolemba lililonse ndinkapeza nachesi patebulo langa.

Masewera ali mkati, womenya ndi ndodo anauphonya pang'ono mpira, ndipo unakwera m'mwamba n'kukhotera kwa ife owonerera. Narae anaimika dzanja. Unalowa m'golovesi mwake ndithu, ndinamva kuti phaa! Koma kadzanja kake n'kakang'ono. Mpira unadumpha n'kudzagwera pamiyendo panga, m'bokosi la nkhuku. Ndiko kuwakha kwa dzanja limodzi kumene mukuuza anthuko.

Mukukumbukira zimene ndinakulemberani chaka changa choyamba kuno? Kuti pabwalo lino munthu wamkulu akatola mpira, anthu onse amakuwa kuti "Ajura! Ajura!", kutanthauza kuti mpatse mwana. Munandiyankha kuti anthu akuno anatiposa nzeru. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikukuwa nawo mawu amenewa mpaka kusasa, kuloza chala anthu amene sindikuwadziwa n'komwe.

Tsikulo ankakuwira ine. Anayamba apafupi, kenaka mbali yonse ya bwalo. Ine ndinaganiza za inu, zaka makumi anayi mukunyamula golovesi yanu yakuda kupita kubwalo kwathuko, osagwira ngakhale umodzi. Ndinauika mpira m'thumba la jekete, ndinatseka zipi, n'kuyang'ana kutsogolo ngati gonthi.

Nkhope yanga anaionetsa pa chikanema chachikulu cha pabwalo. Mayi wina kumbuyo kwanga anafunsa kuti, "Kodi mayi inu, mukaudya mpirawo?" Mwamuna wake anati, "Asiyeni, mwina kwawo amakazinga." Anthu anafa nako kuseka. Narae anatembenuka. Sanandiyang'ane kumaso, anayang'ana thumba langa. Kenaka anakhala pansi, ndipo agogo ake anamuika dzanja pamutu. Mayi Pyo sanalalatenso mpaka masewera anatha.

Musaganize kuti ndinachitira inu nokha, ndisakunamizeni kawiri. Wendell ndi amene amakuperekezani kuchipatala, ndi amene amakukonzerani galimoto. Ine changa n'kalata basi. Maliro a Amayi ndinafika atawaika kale. Ndinkafuna kuti tsiku lina mukalowe kometetsa muli ndi nkhani ya ine. Ndinaganiza kuti kampira kamodzi kangakwirire zaka zonse zimene sindinabwere kumudzi.

Choipa chitsata mwini. Pofika Lolemba, sukulu yonse inali itaonera pa mafoni. Ndikamadutsa pakhonde, anyamata ankanong'ona kumbuyo kwanga, "Ajura, ajura." Mayi Pyo anandiitanira mu ofesi. Anati makolo ena afunsa, ndipo iwo awayankha kuti ine ndine mlendo, sindinamve zimene anthu ankakuwa. Kenaka anati, "Si choncho, aphunzitsi?" Ankandiyang'ana m'maso, mayi amene takhala tikukuwa nawo limodzi zaka zonsezi. Bambo, ndinagwedeza mutu kuvomera.

Chimene chinandimaliza chinachitika pa buleki. Ndinamva Narae akukalipira anyamata aja. Ankati, "Asiyeni aphunzitsi! Chiyankhulo chathu sachimva bwino. Inuyo mutapita kwawo mungamve chiyani? Iwe Gyumin, ngakhale moni wa Chingelezi amakukanika!" Ndinathawira kuchimbudzi kukalira. Akanangonditukwana mwanayo bwenzi zili bwino.

Apo n'kuti mpira uli kale m'njira kubwera kwa inu, pamodzi ndi kalata yabodza ija. Ndiye ndinachita china chopusa kuposa choyamba. Ndinagula mpira m'sitolo ya pabwalo, ndinaukhutiza padothi kuseri kwa nyumba yanga kuti uoneke wogwiritsidwa ntchito, n'kumuitana Narae ana onse atatuluka. Ndinamuuza kuti tsopano andimasulira mawu aja, ndipo nawu mpira wake.

Anaulandira ndi manja awiri, n'kuwerama. Anauzunguza pang'onopang'ono, mbali zonse. Kenaka anati uja unali ndi chipsera chakuda pafupi ndi msoko, pamene ndodo inamenya, anachiona pamene unali pamiyendo panga. Anawonjezera kuti, "Koma nawonso ndi wabwino, aphunzitsi." Anauika m'chikwama n'kutuluka.

Tautulutsani m'galasimo muone, Bambo. Chipseracho chilipo.

Kuyambira tsikulo Narae sakwezanso dzanja m'kalasi. Amandipatsa moni bwinobwino, koma ndi ulemu wopatsa munthu wodutsa m'njira. Anyamata akamanong'ona, sawaletsanso. Patebulo langa Lolemba pamakhala choko chokha.

Inu mukudziwa chimene chikundisowetsa mtendere. Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, munandiveka golovesi yanu, mpira unabwera pamzere wathu, ndipo bambo wina wa chipewa chachikasu anatambasula mkono pamwamba pa mutu wanga n'kuulanda. Munaimirira n'kumufunsa pamaso pa anthu onse ngati ali ndi manyazi. Nkhani imeneyo mwakhala mukuifotokoza Khirisimasi iliyonse, ndipo kwathu munthu aliyense woumira timamutcha wa chipewa chachikasu. Tsopano wa chipewa chachikasu ndine, ndipo mpira wolandawo ndiwo mwauika pambali pa chithunzi cha Amayi, Bambo. Uja ndi bwinoko, mwana amene anamulanda sankamudziwa dzina.

Pempho langa ndi ili: ndibwezereni mpirawo. Ndikudziwa kuti ndikukulandani chinthu chimene mwachidikira moyo wanu wonse, ndipo ndikukuchititsani manyazi kwa anzanu. Koma banja la Narae likusamukira ku mzinda wina, ku Daejeon, ndipo tsiku lake lomaliza pasukulu pano ndi 19 Disembala. Akapita ndisanamupatse, adzakula akudziwa kuti mphunzitsi wake anamubera, kenaka n'kumunamiza. Muuzeni Wendell autumize pa njira yachangu sabata ino yomwe. Aseke mmene angasekere, ndayenera.

Ukafika ndidzaupereka m'kalasi, ana onse alipo ndi mayi Pyo omwe. Ndidzanena m'chiyankhulo chawo, ndi pakamwa pangapa, kuti mawu aja ndinawamva bwinobwino. Ngati Narae adzandikhululukire sindikudziwa.

Kometetsako muwauze zimene mukufuna. Mukawauza zoona, sindidandaula. Kabokosi kagalasiko musataye. Mu Ogasiti ndikubwera, ndipo tidzapita kubwalo awiri, inu ndi golovesi yanu, ine ndi manja anga m'thumba. Sindikulonjeza kuti tidzagwira kanthu.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Loretta, kwa Wendell ndi alamu, ndiponso kwa a Duane, muwauze kuti makutu awo apuma tsopano. Mulungu akusungeni ndi kukupatsani mphamvu, ndipo padenga paja musakwerenso.

Ndine mwana wanu wamanyazi,
Noreen

Ndinatsala pang'ono kuiwala. Ndikukudziwani, Bambo, mufuna kuupukuta kuti ufike wowala. Chonde musatero. Chipsera chija ndicho adzayambe kufunafuna.