Khoka Salikoka Kuyambira Pakati

Lachinayi, mwezi wa Juni. Tsiku loipa, mwera panyanja, mkwiyo mumtima.

Ndapitanso ku boma kwa Mayi Mwale, aja a bungwe losunga mbiri za m'midzi. Chibwerere matipate akuti aliyense alankhule, ndiye ine ndikutchula mzere wa makolo athu a ku Mwadzama, iwo akutayipa pa kompyuta. Katatu konse lero, tikangofika pa agogo amene anatsegula dambo la mpunga, chinthucho chauma gwa! Azimitsa, ayatsa, aitana wokonza. Wokonzayo watsegula, wapukuta kachitsulo ka m'kati, akuti memore ndi yochepa, mawu anga achuluka. Za lero zonse zapita.

Mayi Mwale akuti, "Agogo, musamayambire kumutu nthawi zonse. Muyambire pakati, muzinena pang'onopang'ono, ife tizisunga."

Pakati! Ndawayankha, "Mayi, khoka salikoka kuyambira pakati." Malume anandiphunzitsa ndi khutu, dzina limakoka linzake kuchokera kumutu. Wodziwa mzerewu ndatsala ndekha, chifuwa chikundivuta, ndiye kabokosi kodya magetsi kazinditayitsa mpweya? Ndawauza kuti mutu wanga sunazimepo chibadwire, ndatola ndodo yanga n'kutuluka.

Koma pobwerera, pafupi ndi mlatho, ndayesa ndekha kuyambira pakati paja. Dzina la mkazi wa agogo a dambo aja silinabwere. Ndayambira kumutu, kawiri konse. Silinabwerebe.

Mawa ndilawirira ku boma. Asandifunse chifukwa.