Jekete Limodzi

Lamulungu, 14 Epulo 2024

Manjawira. Mvula yowaza. Lero zaka 112 chiombere sitima ya Titanic chimulu cha madzi oundana. Ndawerenganso buku la sitimayi. Anthu oposa 2,200. Mabwato opulumukira 20, malo a anthu 1,178. Nyanja inangomaliza ntchito. Cholakwika chinachitikira padoko.

Kutchalitchi alengeza kuti amayi a chigwirizano apita kumsonkhano ku Makanjira Lachisanu. Msewu wa uko ndi wowonongeka, ndiye awoloka pa boti kuchokera ku Chipoka. Amayi 38. Mkazi wanga Janeti ndiye mlembi wawo. Kusambira sadziwa. Kuno adziwa ndani? Madzi athu ndi a m'ndowa.

Lachiwiri, 16 Epulo

Ndaimbira mwini boti. Majekete oyandamitsa munthu pamadzi alipo angati? "Okwanira, bwana." Ndafunsa nambala. Foni yaduka.

Ndabwereka limodzi kwa alamu anga a Bizwell, amene ankagwira ntchito kunyanja. Lamba wake wothothoka. Ndasoka ndekha, mizere iwiri.

Lachinayi, 18 Epulo

Janeti wakana. "Pamwamba pa yunifolomu? Anzanga adzati ndilibe chikhulupiriro."

Ndamufotokozera: bwato loyamba kutsitsidwa pa Titanic linali la anthu 65, linanyamuka ndi 28 okha. Ambiri sankakhulupirira kuti sitima yotere ingamire. Wangoseka. "Inu bambo a Steve, ngakhale kumwamba mudzakalowa mutayamba mwawerenga makomo."

Komabe walikulunga m'chitenje, waliika pa chikwama.

Lachisanu, 19 Epulo

Anyamuka mbandakucha. Kuwoloka ndi maola atatu, anatero. Mphepo tsiku lonse, malata akulira.

2 koloko, foni sikupezeka. 4 koloko, chimodzimodzi. Pakati pa nyanja netiweki imavuta, ndikudziwa bwino. Ndatsuka mbale zotsuka kale.

Loweruka, 20 Epulo

Anafika. Janeti watumiza chithunzi. Amayi mbuu m'mabulauzi oyera, othinana, ena pamatumba a ufa. Madzi pafupi ndi mlomo wa boti. Jekete langa lili pa kamtsikana ka Rute, mnzake wa Janeti wa ku Mlangeni. Zaka zinayi, lokafika m'mawondo.

Janeti walemba: "Mumafuna ndivale ine, mwana ali pomwepo?"

Majekete a m'boti anali asanu. Oyendetsa anawakhalira.

M'mphepete mwa buku lija ndinalemba kalekale kuti amene anapatsa anzawo malo m'mabwato sanachepetse chiwerengero cha akufa, anangosintha maina. N'zoona mpaka lero. Tsambalo ndalitseka.

Abwerera Lolemba, boti lomwelo. A Bizwell akuti mnzawo ku Chipoka ali ndi majekete ena, mwina asanu ndi atatu. Pa anthu 39, osakwana. Kuwatumiza okha, oyendetsa awakhaliranso. Boti lokawatenga linyamuka ku Chipoka Lolemba m'mawa. Ndikwera nawo.

Singano, ulusi, chiphaso. Kusambira nanenso sindidziwa.