Udzu sindinamwete chaka chino

Lachinayi, kumapeto kwa Okutobala. Tsiku loipa, lotentha, ndipo mtima ukundiwira mpaka pano.

Ndinapita ku Mitundu kukaonana ndi bambo uja wa ku ofesi yoona za nyumba za anthu osauka. Ndi yemwe uja anaima pabwalo pathu nthawi yokolola, tayi ili pakhosi, n'kumati, "Amayi, musavutike n'kumweta udzu chaka chino. Boma latsopanoli likumangirani nyumba za malata mvula isanagwe." Tinaimba nthungululu. Ine chitsiru ndinapachikadi chikwakwa, n'kumakaponda dothi la njerwa.

Lero sanandipatse ndi mpando womwe. Akuti, "Mayi, akuluakulu ku Lilongwe sanavomerezebe, ndalama sizinatuluke. Dikirani."

Ndinati, "Bambo, nanga mvula mwaiuzanso kuti idikire?"

Anangoseka, uku akusenda nthochi. Munthu wopanda manyazi! Iye amagona m'nyumba ya malata.

Udzu wa kudambo unapsa kale ndi moto wa osaka mbewa. Denga langa ndi lakalekale, dzuwa likungolowa ngati pa sefa. Alamu anga a ku Nathenje sanamvere zonsezi, anamweta wawo ndipo afolera kale. Ndikawapemphe mitolo yotsala? Ndine ndemwe ndinkawaseka kuti ndi otsalira.

Pobwerera ndaona mitambo yabii ku Dzalanyama. Mwana wanga Tamanda akutsokomolabe, ndipo sindikudziwa kona yoti ndimuyalire mphasa. Mabingu ayamba. Mabeseni ndili nawo awiri okha, koma mabowo a padenga ndiye osawerengeka.