Ndiwagulire ya pabedi kapena ya patebulo?

Aphungu,

Ndine telala, ndipo za makompyuta sinditolapo kanthu. Amuna anga anali dalaivala wa thiraki mpaka pamene anachita ngozi chaka chatha. Mwendo wakumanzere sunachirebe bwino, ndipo kuntchito anawapumitsa. Chitulukireni m'chipatala, munthu amene ankasokosera nyumba yonse ndi nkhani za pamsewu amangobindikira kuchipinda, nkhope kukhoma. Anzawo akabwera amandiuza kuti, "Kawauze ndagona."

Mwezi watha ndinawakakamiza kuti tikacheze kwa alamu anga, mng'ono wawo. Tinawapeza alamuwo ali pakompyuta, akuyendetsa thiraki ya masewera ndi chiwongolero chenicheni chomangirira patebulo. Aphungu, mukanaona! Amuna anga anayamba ndi kunyoza: "Iwe, ngolo sabweza choncho, upha anthu!" Kenako anamuchotsa mng'ono wawoyo pampando, n'kuibweza thirakiyo bwinobwino mpaka pamalo pake, uku akuseka chikhakhali. Kuseka kumeneko ndinali nditakuiwala, moti ndinatuluka panja kukapukuta misozi.

Ndiye ndatsimikiza mtima kuwagulira kompyuta yawoyawo mwachinsinsi. Koma kusitolo mutu unaima. Ife atelala makina abwino timawadziwa powanyamula: akalemera ndi achitsulo, akapepuka ndi apulasitiki, sakhalitsa. Choncho ndinanyamula laputopu iliyonse imene inali pashelefu, ndinagogodanso mabokosi akuluakulu oika patebulo aja, mpaka wogulitsa anandifunsa kuti, "Mayi, kodi mukusankha mavwende?"

Koma zinthu zimenezi zandichititsa chidwi. Mabokosi ena ali ndi galasi pambali, m'kati mukuyaka magetsi ofiira ndi obiriwira ngati m'bala. Kodi magetsiwa ndi amene amathamangitsa thiraki? Nanga mafani onsewo ndi a chiyani, chinthuchi chimachita thukuta? Wogulitsayo ankangolakatula manambala ndi zilembo, ine n'kumagwedeza mutu ngati ndikumva.

Mtima wanga uli pa laputopu yolemera kuposa zonse, kuti azisewera ali pabedi osavutitsa mwendo. Ndiigule?

Mayi E.C., kuseri kwa msika

Mayi,

Za mavwendezo ndaseka mpaka kutsamwa, koma musachite manyazi. Ambiri amene amagwedeza mutu m'masitolo amenewa samvanso kanthu, kungoti safunsa.

Zonyamula makina zisiyeni kosoka. Magetsi aja ndi zokongoletsa chabe, ngati malesi pa diresi. Mafani ndiwo ofunika, chifukwa kompyuta ya masewera imatentha kwambiri, ndipo ikatenthetsa imayamba kudodoma. Injini yeniyeni ya thirakiyo ndi kachipangizo koonetsa zithunzi, kamene ogulitsa amati girafikisi khadi. Kameneko kakakhala kofooka, ngakhale bokosi liyake ngati ukwati, palibe chimene mwagula.

Manambala asakuzunguzeni. Tengani alamu anu, anyamule chiwongolero chawo, mupite nawo kusitolo. Wogulitsa aike masewera omwewo pa makina amene mwaloza, inu muonerere kwa kanthawi ndithu. Kodi zithunzi zikuyenda myaa, kapena zikudukiza? Akakana kuyesa, tulukani, masitolo ndi ambiri. Funsaninso ngati ndi yatsopano kapena yogwirapo kale ntchito, ndiponso ngati adzaikonza ikaonongeka msanga. Ngati magetsi amazimazima kwanu, musaiwale kabatire koteteza makina. Zopondera mafuta ndi buleki zimabwera ndi chiwongolero, koma yambani mwafunsa adokotala ngati mwendowo ungazipirire.

Zachinsinsizo ndazikana. Chaka chonse bambowa akhala akuchitiridwa zonse, kuyambira madzi osamba mpaka kusankhiridwa malaya. Atengeni nawonso, akhale pampando wa m'sitolomo, akangane ndi wogulitsa, asankhe okha. Akayamba kunyoza, dziwani kuti zikuyenda.

Tsono za laputopu ya pabedi, mayi, ayi ndithu. Pabulangeti imabanika n'kutentha, komanso chiwongolero simungachimangirire pamatiresi. Gulani ya bokosi. Pa mtengo womwewo nthawi zambiri imakhala yamphamvu kuposa laputopu, ndipo chipangizo chikafa mumangosintha chomwecho. Koma ubwino wake waukulu kwa inu ndi wakuti siyenda. Pamene mwaiika ndi pomwepo, ndipo woifuna ayenera kudzuka, kuvala ndi kuipitira.

Ikani pabalaza, pafupi ndi khomo, ndi mpando wachiwiri pambali. Madalaivala anzawo akamva kuti pakhomopo pali thiraki, adzabwera okha kudzaonetsana ukatswiri, ndipo munthu sanganene kuti wagona ali pachiwongolero.

Chenjerani chimodzi: kompyuta si mankhwala. Ngati kukhala chete kuja kukupitirira, auzeni adokotala mosabisa. Ndipo ngakhale akuchondelereni bwanji kuti mwendo ukupweteka, makinawo asalowe kuchipinda. Akangolowa, mudzakhala mutawagulira ndi thukuta lanu chifukwa china chosatulukira.

Aphungu