Mpini wautali wa amayi

Lachiwiri, 14 Novembala

Lero nthabwala zanga zandiwawa ndekha. M'mawa kumunda amayi anawerama akuunga mzere, kenako n'kukanika kuweramuka. Ine ndi pakamwa pangapa ndimvekere, "Mwataya chani pansipo, mayi? Ndikufunireni?" Sanaseke. Anangogwira m'chiuno, misozi ili lengelenge. Ndinadziona wopepera.

Ndinawakweza panjinga mpaka kuchipatala kwa Mauwa, pamabampu ndikuchita kukankha. Anamwino akuti msana watopa ndi kuwerama tsiku lonse pa kampini kafupi, kuwonjezera ndowa pamutu. Akuti ponyamula katundu azipinda mawondo, osati msana, ndipo mwendo ukayamba dzanzi tithamangirenso komweko.

Madzulo ndasema mpini wautali wa bulugama n'kukhomeramo khasu lawo. Aliyang'ana n'kuti, "Khasu la alesi ili, langati mwini wake wolikhoma." Ndawayankha kuti alesife sitidwala msana. Apo ndiye aseka, kenako "Mayo ine!" chifukwa kusekako kukuwapweteka.

Ndowa yawo ndaibisa kuseri kwa nkhokwe. Ine amene ndinkati mwamuna saponda kumjigo, mawa ndilawirira komweko. Atsikana andiseke mpaka atope, bola amayi aweramuke, zinazo...